Benchi ya Lachitatu

A Kingsford anafika pa benchi Laban asanafike. Anapukutapo fumbi la simenti ndi chipewa chawo, n'kukhala kumapeto, kusiya malo a pafupi ndi chitseko.

Chitseko chimenecho aliyense pa kampani ankachilambalala. Lachitatu lililonse m'katimo munkakhala mayi Halimatu, mlangizi amene mabwana anamulemba ntchito chaka chatha, kalaliki wina atadzipha. Anyamata onyamula katundu ankachitchula chipindacho kuti ku Zomba, kumene kuli chipatala cha amisala. Munthu akangodutsa pafupi, wina ankakuwa kuti, "Mwadula kale tikiti kodi?"

A Kingsford anali kapitawo wa nyumba yosungiramo simenti ndi malata pa Ginnery Corner, komanso mkulu wa mpingo ku Chitawira. Za ulangizizi sankazikhulupirira kwenikweni. Kwa iwo, mwamuna amagwada, amapemphera, n'kudzuka kupita ku ntchito. Koma za Laban zinkawasowetsa mtendere.

Laban anali dalaivala wa lole, munthu waphokoso, wodziwika ndi kuseka kwake lole isanatulukire pa geti. Chiyambire nyengo yozizira anangoti zii. Bawo ya masana anaisiya. Nthawi ya nkhomaliro ankabwera kudzakhala pa matumba pafupi ndi tebulo la a Kingsford, osalankhula, chipisi chake chikuzizira m'jumbo. A Kingsford akakwera pa nsanja kukaona malata, potembenuka ankamupeza ali kumbuyo kwawo, maso ali psuu. Poweruka ankawatsatira mpaka pa siteji n'kukwera nawo minibasi ya ku Chitawira, chonsecho kwawo kunali ku Bangwe.

Uyu ali ndi mawu koma pakamwa pakukana, a Kingsford ankatero mumtima. Kalaliki uja nayenso anayamba chimodzimodzi, ndipo palibe amene anamufunsa. Iwo anali m'gulu la amene ananyamula bokosi lake. Sankafuna kudzanyamulanso lina.

N'chifukwa chake Lolemba, Laban atawanong'oneza kuti, "Akulu, ndalembetsa kwa mayi aja, koma ndekha sindingathe, mundiperekeze," iwo anavomera mawuwo asanathe.

Laban anatulukira atavula ovololo, atavala shati yoyera ngati wopita ku khoti. Anakhala pansi, manja pakati pa mawondo.

"Wagonako?" a Kingsford anafunsa.

"Pang'ono, akulu."

"Ndi kunyumba? Mayi a ana? Kapena ndi timu yako yomangoluza ija?"

Laban anaseka pang'ono, kuseka kwa m'mphuno, kenako anayang'ana pansi.

Alidi, mtsogoleri wa zonyoza zonse za pa kampanipo, anadutsa akukankha wilibala. A Kingsford anamuyang'anitsitsa, atakonzeka kumudzudzula. Koma Alidi anangogwira chipewa, n'kupitirira mwakachetechete. A Kingsford anathokoza Mulungu kuti ukapitawo ukadali ndi ulemu wake.

Mayi Ella, opanga tiyi, anabwera ndi makapu awiri ngakhale nthawi ya tiyi inali isanakwane. Anaika imodzi m'manja mwa Laban, ina m'manja mwa a Kingsford, ndipo sanaisiye mpaka zala zawo zitaigwira bwino.

"Imwani akadali wotentha, bambo. Wa dzulo ndinamupeza momwemo."

Anaikanso mandasi awiri pa pepala. A Kingsford anakankhira onse awiri kwa Laban.

"Idya, mphwanga. Wawonda."

"Inu bwanji?"

"Ine ndadya kunyumba."

Laban ananyema kachidutswa, koma sanakafikitse kukamwa.

Kunja lole ina inkabwerera chambuyo, ikulira. M'chipinda muja munamveka mpando ukukokedwa. Laban anadzidzimuka, ndipo a Kingsford anaopa kuti athawa. Anamugwira pa bondo.

"Usachite manyazi. Ngakhale thumba la simenti pano timapatsirana. Munthu akasenza yekha tsiku lonse, msana umathyoka. Ukalowa umu ukanene zonse, usakasiye kanthu. Akuseka aseke. Ana ako akufuna bambo wamoyo."

"Mukunena zoona, akulu?"

"Ndinayamba ndakunamizapo?"

"Mwanena nokha," Laban anatero.

A Kingsford anatsinzina n'kumupempherera chamumtima. Anapempha kuti Ambuye amumasule lilime, amubwezere tulo, amubwezere kuseka kuja. Mapemphero opempherera ena ankabwera mosavuta. Odzipempherera okha ndi amene masiku amenewa ankawakanika.

Chitseko chinatseguka. Mayi Halimatu anali wamfupi, wa magalasi, atafunda mpango wobiriwira. Anawayang'ana onse awiri mofatsa.

"A Kingsford, lowani. Ndakhala ndikukudikirani."

"Ayi, mayi, mwasokoneza. Ine ndangoperekeza. Wofuna thandizo ndi uyu."

Laban anaika kapu pansi n'kuimirira.

"Ine ndili bwino, akulu. Anatiimbira ndi amayi akunyumba kwanu. Akuti chibadwireni mwana wanu uja ali wakufa simugona, simulankhula, ndipo mwayamba kugawa masuti anu. Mtayo ulibe maliro, ndiye tinasowa pokupepeserani. Anyamata anasankha ine kuti ndisamakusiyeni nokha."

A Kingsford anaika kapu pansi n'kuyamba kuimirira. Laban anawagwira pa mkono.