Zilembo Ziwiri pa Kapepala

Namwino analoza zilembo ziwiri pa kapepala: Hb.

"Izi zimatiuza kuchuluka kwa magazi, mayi. Mwana wanu ali pa 4. Tikufunika kumuwonjezera lero lomwe."

Mayiyo anali atagona pasimenti, pambali pa bedi la mwanayo, masiku asanu. Sanafunse zambiri. Anangotambasula mkono.

"Tengani angawa. Ndinamubereka ndine."

Namwino anamubaya chala, n'kuyang'ana kachipangizo koyezera magazi. Kenako anamukoka chikope cham'munsi. M'kati munali mbee.

"Inu muli pa 7, anunso ndi ochepa. Sitingakuchotseni magazi. Koma mumadya, mayi?"

"Ndimadya. Zimene wasiya iyeyu."

Namwino anausa moyo. Anatenga kapepala kena, ka mayiyo tsopano, n'kulembaponso zilembo zomwe zija.