Kabedi ka Mdzukulu

A Hayala anagwedeza kabedi ka mwana ndi manja awiri, ngati akuyesa mabuleki a basi imene amayendetsa. Kanali kolimba, koyera mbee, kokhala ndi timatabwa m'mbali kuti mwana asagwe, matiresi ake akadali m'pulasitiki. Pambali pake panali kena konga komweko, koma kopalika pang'ono pamwendo. Koyambako kanali kogulitsa. Kachiwiriko kanali ka hayala.

"Titenga aka," anatero, akuloza kopalikako.

"Titenga ako," anatero akazi awo, akuloza katsopano.

Mwini sitolo, mayi wokweza magalasi pamphumi, anangomwetulira. Anali atakhalitsa pa malonda a katundu wa ana, ndipo ankadziwa kuti banja likayamba kukangana pa katundu, wogulitsa amangofunika kuyang'ana kudenga.

Dzina lakuti Hayala silinali la pachiphaso. Anawapatsa ndi anzawo a kuntchito. Munthuyu sankagula chinthu chimene sachigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Makwerero, hayala. Makina oboolera khoma, hayala. Suti imene anavala paukwati wa mwana wawo anakaibweza m'mawa mwake, duwa likadali pachifuwa. Mfundo yawo inali yakuti katundu wogwira ntchito kamodzi pachaka amangodya malo, kenako n'kuyamba dzimbiri iwe ukumuyang'ana.

Akazi awo, telala wa manja abwino, sankatsutsana nayo mfundoyi. Nawonso sankakonda kuunjika zinthu. Nyumba yawo ya zipinda ziwiri inali itadzaza kale ndi makina osokera ndiponso nsalu za makasitomala. N'chifukwa chake kukakamira kwa lero kunawadabwitsa a Hayala.

Nkhani inali ya mdzukulu. Mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, amene anamubereka iwo akadali ana okhaokha, ankakhala kutali ndi mwamuna wake. Sabata yamawa ankabwera kudzacheza ndi khanda lake kwa nthawi yoyamba.

"Mayi, mwanayu agona kwathu sabata imodzi," anatero a Hayala. "Akamadzabweranso adzakhala akuthamanga, miyendo itatulukira kunja kwa kabedika. Tidzakasunga kuti? Pamutu panga?"

"Malo apezeka."

"Apezeka bwanji? Ine ndikafuna kutsika pabedi ndimayamba ndapempha njira kwa makina anu osokera."

Mwini sitolo anabisa pakamwa ndi dzanja.

Apa m'pamene a Hayala anatulukira pamene panagona nkhani. Amayi a mkamwini wawo, agogo enawo, anali atagulira khandalo kangolo koyendetsera mwana, ka matayala akuluakulu ngati a njinga. Chithunzi chake chinazungulira mafoni a abale onse, aliyense akuyamikira. Basi, unali mpikisano wa agogo. Akazi awo analibe imvi ndi imodzi yomwe, mumsewu anthu ankawayesa mkulu wake wa mwana wawo, koma ugogo unali utawalowa kale m'magazi. A Hayala anawamvera chisoni pang'ono. Anatsitsa mawu, monga amachitira ndi munthu amene wagona m'basi n'kupitirira siteji yake.

"Mayi, khanda silidziwa kuti bedi ndi logula kapena la hayala. Limangofuna pofewa. Agogo enawo asiyeni ndi ngolo yawo, ngolo sigona mwana usiku wonse. Inu mumusokere timalaya. Kodi pali sitolo imene ingapikisane ndi manja anu?"

Akazi awo anasisita tabwa la kabedi katsopano. Kenako anayang'ana mwini sitolo.

"Ine ndimati tikambirane kaye kunyumba," anatero chapansipansi. "Koma inu m'mawa munangoti valani nsapato tikathane nazo."

"Nanga si tikukambirana pompano? Tiyeni tifunse eni akewa." A Hayala anatembenukira kwa mwini sitolo. "Achemwali, nenani zoona. Anthu amene amagula timabediti, sabweranso kudzakupemphani kuti muwagule?"

"Amabwera ndithu, agogo," anavomera mwini sitolo monyinyirika, poti chilungamo chinkamuonongera malonda. "Kopalikako kanabwera choncho."

"Mwamva, mayi? Si ine ndanena."

Akazi awo anawayang'ana amuna awo kuchokera kuchipewa mpaka kunsapato, kenako anapuma mozama.

"Chabwino. Tengani ka hayala."

A Hayala anakonza kolala ya malaya. Sanafune kuonetsa kuti apambana, koma ndevu zinawaulula. M'mutu anali atayamba kale kukonza mmene akaifotokozere nkhaniyi kwa madalaivala anzawo pa nthawi yopuma: mmene anaimira nji m'sitolo, mmene anapulumutsira banja ku kabedi kodzangosungiramo zovala zakale. Anafika mpaka ponena kuti ka hayalako akanyamula okha paphewa, palibe chifukwa chovutitsira anthu.

Mwini sitolo anayamba kumasula timatabwa ta m'mbali kuti kabedi kanyamulike bwino.

"Mukasunga nthawi yaitali bwanji, agogo?"

"Sabata imodzi basi," anayankha a Hayala.

"Zaka zitatu," anatero akazi awo.

A Hayala anaseka mpaka chipewa chinapendekeka. "Mayi, mwatopa eti? Mdzukulu akhala sabata imodzi."

"Mdzukulu, inde. Koma akachoka iye, m'kabedimo mudzagona amalume ake, kapena amayi ake aang'ono, poti kuchipatala dzulo sanathe kuona bwinobwino," anatero akazi awo, dzanja lili pamimba. "Ndipo ameneyu, bambo, si wobweza."