Kuseri kwa Katani

Loweruka limenelo sitolo inadzaza, anthu akulimbirana zovala za maphwando a kumapeto kwa chaka. Panja, m'misewu ya Novi Sad, chipale chofewa chinkagwa, ndipo aliyense wolowa ankabwera ndi matope ake. Biserka anali pamalo pake pa masiku onse, pakhomo la zipinda zoyesera zovala za amayi, mahang'ala ali lendelende m'mikono.

Mayi Radojka, kasitomala wakalekale amene ankafuna chovala cha ukwati wa mwana wawo, anatuluka m'chipinda chapakati atakumbatira deresi pachifuwa.

"Mwanawe, tabwera," ananong'ona. "M'chipinda chakumapetocho mwalowa mwamuna."

Biserka anali atamuona munthuyo polowa. Anali wamtali, wa mapewa otambalala, tsitsi lometa, atavala jekete lachikopa. Anapereka moni ndi mawu aakulu, masiketi awiri ali m'manja, ndipo Biserka anangomulozera chipinda.

"Mayi, aliyense ali ndi katani yake. Palibe amene akuoneni."

"Katani? Chaka chatha, m'sitolo ina, chimunthu chinalowetsa foni pansi pa katani n'kujambula mwana wanga atavula. Mpaka lero mtsikanayo amagula zovala osayesa. Usandiuze za katani ine."

Sankafuna kunyoza munthu, anali ndi mantha enieni, ndipo Biserka anaziona zimenezo. Mitu inayamba kusuzumira m'zipinda zina. Mayi wina anakokera kamwana kake kumbuyo. Phokosolo linafika mpaka ku ofesi, ndipo bambo Milorad, oyang'anira sitolo, anatulukira akupukuta mafuta a chakudya kukamwa.

"Kwagwanji kuno?"

Atamva nkhaniyo anakanda m'mutu. "Biserka, kamuuze akayesere kwa abambo."

"Bwana, ndikayamba bwanji? Nanga lamulo lake ndi liti?"

"Lamulo ndi loti Loweruka sindifuna phokoso. Ine sindingalowe mmenemo, ndine mwamuna. Pita."

Kanjira kopita kumapetoko kanali kafupi, koma Biserka anakayenda pang'onopang'ono. Anagogoda pathabwa.

"Pepani achemwali. Pali amene akudandaula."

Katani inatseguka. Munthu uja anali atavala siketi yakuda, kapepala ka mtengo kali lende m'chiuno. Sanadabwe. Anangousa moyo ngati munthu amene wamva nyimbo imodzimodzi kambirimbiri.

"Ayambanso?" Anasuzumira kuti onse amve. "Dzina langa ndine Gordana. Ndabereka ana atatu, woyamba ali ku usilikali. Mapewa awa ndi a mpira wamanja, ndausewera kuyambira ndili kamtsikana. Mukufuna ndikuvulireni pompano kuti mukhulupirire?"

"Onse amatero!" anakuwa wina ali kuseri kwa katani yake.

"Ngati ndinu mayi, pepani," anatero mayi Radojka. "Koma ine ndidziwa bwanji? Tandiuzani, ndidziwa bwanji?"

Bambo Milorad anali ataima patali, maso ali pa wotchi. Gordana anatembenukira kwa Biserka n'kumuyang'anitsitsa, kudikira liwu limodzi lokha lomuikira kumbuyo. Biserka anatsegula pakamwa. Anaganiza za maso onsewo, mmene angachokere kwa Gordana n'kuyamba kufufuza amene wamuteteza. Anagwetsa nkhope n'kuyamba kuwongola mahang'ala amene anali owongoka kale.

"Chabwino," anatero Gordana.

Anakoka katani, anavala buluku lake, n'kutuluka. Masiketi aja anawaika m'manja mwa Biserka pang'onopang'ono, mopanda mkwiyo. Makutu ake anali psuu.

"Ndimafuna ndikaoneke bwino pa maliro a mlamu wanga mawa," anatero motsitsa mawu. "Iwenso mkazi mnzanga, kungoti zii?"

Anadutsa pakati pa mizere ya majuzi, msana uli chilili, anthu akumupatukira. Chitseko chagalasi chinatseguka, mphepo yozizira inalowa, n'kutsekekanso.

"Zatha, zatha, amayi, pitirizani," anatero bambo Milorad akuomba m'manja, n'kubwerera ku chakudya chawo.

Makatani anatsekedwa imodzi ndi imodzi. Nyimbo ya m'sitolo inayambanso kumveka. Biserka anapachika masiketi aja pa chitsulo cha zobwezedwa, koma ina inapulumuka n'kugwa pa matope. Anaitola, anaipukuta ndi mkono wa malaya ake. Matopewo anangofalikira.

"Mwanawe!" Anali mayi Radojka, m'chipinda chapakati. Mawu awo tsopano anali ofewa, a munthu amene mtima wakhala pansi. "Zipi yakana pamsanapa. Talowa undithandize. Ndavula zonse zam'kati, koma kwa iwe ndilibe manyazi. Tatsala tokhatokha tsopano, amayi okhaokha."

Biserka anafika pachipindapo n'kugwira m'mphepete mwa katani. Dzanja linaima pomwepo. Mayiwa ankamukonda. Tsiku lina anamubweretsera maswiti, tsiku lina anamulonjeza kuti amupezera mwamuna. Kulowa kunali kuwabera chinthu chimene angochimenyera ndi misozi. Kukana kunafuna chifukwa, pamaso pa sitolo yonse.

"Ukubwera, mwana wanga?"

Chifukwacho panalibe amene ankachidziwa mu mzinda umenewu. Koma kwawo ku Zrenjanin, mayi ake a Biserka ankamuitanabe dzina limene anamupatsa pobadwa, Nenad, mwana wawo wamwamuna mmodzi yekhayo.