Iwe Esnart, Chotsa Ufiti

Panali munthu wina kuno kwathu ku Vubwi, dzina lake Lawrence, amene anawononga mlongo wake ndi nthabwala. Musandifunse kuti ndimamudziwa bwanji. Ndimamudziwa kuposa wina aliyense.

Lawrence ankanyamula anthu pa njinga yamoto kupita kumalire. Akaweruka ankakhala ndi anzake kuseri kwa nyumba, n'kutuma mlongo wake Esnart, wa giledi 8, kukagula kachasu. Mwambo wathu mukuudziwa: wobweretsa mowa amayamba walawa pamaso pa anthu, kusonyeza kuti sanathiremo mankhwala. Timati kuchotsa ufiti. Ndi za akuluakulu zimenezi, koma Lawrence anazisandutsa sewero.

"Iwe Esnart, chotsa ufiti."

"Achimwene, zimawotcha pakhosi."

"Ndiye kuti wathiramo kanthu eti? Imwa tione."

Mwana uja ankamwa, n'kutsamwa, misozi ili chuchuchu, madoda aja n'kumafa ndi phwete. Mayi awo atamumva fungo anati, "Lawrence, mwanayu ndi wapasukulu." Iye anayankha, "Amayi, kadontho sikapha munthu."

Posakhalitsa Esnart analeka kutsamwa. Kenako botolo linayamba kufika losadzaza. Lawrence ankaona ndithu, koma ankangoti wotcheza kachasuyo ndi wakuba.

Tsiku lina la msika, dzuwa lili paliwombo, anapeza anthu ataunjikana kuseri kwa golosale, mafoni ali m'mwamba. Anzake omwa nawo aja anamukodola.

"Bwera udzaone, kamtsikana kasukulu kakhuta mowa. Anyamata amakagulira kuti kavine."

Nayenso anatulutsa foni, akuseka, n'kudzipanikiza kutsogolo. Mtsikanayo anali gone m'ngalande, yunifolomu ili masanzi okhaokha, ntchentche zikutera pakamwa, nsapato ina kulibe. Atatembenuza nkhope, anali Esnart. Ndipo anzake aja ankadziwa bwino kuti ndi mlongo wake pomuitanapo.

Lawrence anamudzutsa ndi khofi.

"Wopanda manyazi iwe, wakuphunzitsa ndani zimenezi?"

Esnart anatsegula diso limodzi, dovu likutsikira pachibwano.

"Achimwene, musakwiye. Ndimangowachotsera ufiti."

Kanemayo anayenda m'mafoni mpaka ku Katete. Kusukulu anayamba kumutchula kuti Chotsaufiti, ndipo sanapondekonso. Mayi ake anamutumiza kwa azakhali ake ku Sinda. Mpaka lero akulimbana nawo mowawo. Amaleka, n'kuyambiranso, ndipo m'mawa manja amanjenjemera ngati a nkhalamba.

Nanga Lawrence? Kwa zaka ankauza anthu, ngakhale kutchalitchi, kuti mlongo wake anawonongedwa ndi anzake oipa a kumsika. Ankanena zimenezi maso ali gwa, munthu wonyansa. Chaka chathachi m'pamene analimba mtima n'kupita ku Sinda. Anamupeza pakhonde akuswa mtedza, wina ukumupulumuka m'zala. Esnart sanamulonjere. Lawrence anagwada pamakoko pomwepo.

"Mlongo wanga, m'botolo muja munalibe ufiti. Mfiti ndinali ine. Pepa."

Phunziro: Timaletsa ana athu kucheza ndi anzawo a kumsika, pomwe wowaphunzitsa akugona m'nyumba momwemo. Mwana akhoza kukanira mlendo, koma mkulu wake samukanira. Inu achimwene ndi achemwali, musatume wamng'ono kukagula mowa kapena chamba, ndipo musamulawitse ngakhale mocheza. Tumizani uthengawu kwa aliyense amene ali ndi mng'ono kapena mlongo womuyang'ana.