Woyimba wa Mumtengo wa Mapeyala

Rozaria anabwera kuchokera ku kwaya Lachitatu nkhope ili gwaa. A Phillip, oyimbitsa, anali atamuuza pamaso pa azimayi onse kuti mawu ake ndi a bakha, ndipo akapanda kusintha pofika Lamlungu, malo ake m'lole yopita ku mpikisano ku Migowi akhalapo wina.

Zinamuwawa mayiyu. Yunifolomu anali atasoketsa kale.

Kuseri kwa nyumba yake, mumtengo wa mapeyala, munkakhala kambalame kochepa ngati chala chachikulu. Kakayamba kuyimba m'mawa, ngakhale bakha wa Rozaria ndi tiana take tisanu ndi tiwiri ankasiya phokoso pachithaphwi paja. Tsono mnzake wina anamunong'oneza kuti wodya mbalame yoyimba amatenga mawu ake.

"A Sitima," Rozaria anauza mwamuna wake, "kambalame kaja ndikukafuna mawa, kootcha. Apo ayi, muzidziphikira nokha."

A Sitima ndi munthu woti akangokwera pampando amamva chizungulire, nanji mumtengo. Koma mkazi akalankhula choncho ungatani? Lachinayi analawira ndi legeni, chiperoni chitatsika kuchokera m'phiri la Michesi. Anabwerako matope ali m'mawondo, m'manja muli kanyama kootchaotcha, kopanda mutu ndi miyendo.

"Koma ndiye n'konona," anatero Rozaria.

"Kuyimbako ndi kumeneko, mayi. Mafuta a kukhosi."

Anakadya konse, ndi mafupa omwe. Mumtengo muja munangoti zii masiku atatu. Rozaria anamva chisoni, koma pang'ono chabe.

Lamlungu kutchalitchi anayasamula kukamwa mopanda mantha, poti mawu anali atawameza yekha. Abale, zinaliko. Ana analeka kulira, agogo ogona pabenchi anadzidzimuka, a Phillip mpaka kugwetsa kamtengo kawo koyimbitsira. Pomwepo anakokera Rozaria ku mzere woyamba, nalengeza kuti ku Migowi woyambitsa nyimbo ndi iyeyo. Madzulo ake a Sitima anadya nkhuku.

Lolemba chiperoni chinachoka, dzuwa linawala. Rozaria ali mkati mowaza madeya pabwalo, mumtengo muja munamveka nyimbo yomwe ija, yokoma kuposa kale. Anacheukira a Sitima, amene mwadzidzidzi anatanganidwa kwambiri ndi tcheni cha njinga. Kenako anayang'ana pansi. Bakha uja ankatola madeya ndi tiana take tisanu ndi kamodzi.