Mano Obisika M'nsagwada

Dokotala wa mano anakweza chithunzi cha ekisire pafupi ndi getsi, n'kuchiyang'anitsitsa. Mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu anali chigonere pampando, thonje lili m'kamwa. Anangobwera kudzazulitsa dzino limodzi. Makolo ake anali ataima chapakhomo.

"Taonani apa," anatero dokotala. "Mano atatu owonjezera obisika m'nsagwada, komanso tizotupa ta fupa iti. Nthawi zina zimenezi zimakhala chizindikiro cha matenda a m'matumbo akumtundu. Akapezeka msanga, munthu amapulumuka. Kubanja kwanu alipo amene anamwalira asanakalambe, akutaya magazi pochita chimbudzi?"

"Kwathu ayi," bambo anayankha mofulumira. "Ife timafa ndi ukalamba."

Chikwama cha mayi chinawapulumuka, makiyi n'kumwazika pansi, koma sanawerame kuti atole. M'maso mwawo munali mutabwera munthu wina: mwamuna wowonda, milomo yowuma, atagona pabedi la m'chipatala zaka zambiri zapitazo. Anawagwira dzanja mwamphamvu n'kunong'ona kuti, "Mwanayu asadzadziwe za ine."

Mayi analumbira, ndipo anasunga lumbirolo. Koma mwamunayo sanachoke m'nyumba mwawo. Ankamuona pamphumi pa mtsikanayu, m'kasekedwe kake, ngakhale m'mene ankagwirira kapu. Mwana akangodandaula m'mimba, mayi ankataya chilakolako cha chakudya sabata yathunthu.

Dokotala anayang'ana mayi, anayang'ana bambo, n'kutsitsa maso. Zoterezi anali ataziwonapo.

"Bambo, mwina mutatidikira panja pang'ono," anatero motsitsa mawu.

Bambo sanasunthe. Anawerama, natola makiyi aja, n'kugwira mkazi wawo paphewa.

"Palibe chondibisira, adokotala. Bokosi la maliro la bambo wake womubereka ndinanyamula nawo ndine. Anali mnzanga wa kuntchito. Mkazi wake anamwalira pobereka, iye n'kutsatira chaka chisanathe. Ife tinalibe mwana, ndiye tinamutenga uyu."

Mtsikana anadzuka pang'onopang'ono, nalavula thonje lija m'dzanja. "Amayi?"

Koma mayi ankayang'ana dokotala.

"Mwati akapezeka msanga amapulumuka? Adokotala, mwanayu anabadwa ndi mnzake, anali mapasa. Mnzakeyo anatengedwa ndi banja lina, ndipo sitidziwa kumene linapita."