Payipi Yobwereka ku Arizona

Panali munthu wina, mayi wa ku Minnesota m'dziko la America, dzina lake Marlys, amene manja ake sankadziwa kukhala chete. Mwamuna wake Orrin anali atangoikidwa impso ina, ndipo madokotala anachenjeza kuti kachirombo kakang'ono ka m'madzi kangathe kumutenga. Koma Orrin ankalakalaka kukaonanso chipululu cha Arizona.

Marlys sanamuletse. Anagula kalavani yakale, kanyumba koyenda nako pamsewu, nakonza yekha zamadzi zonse: thanki ya madzi akumwa pansi pa bedi, pampu yoponda ndi phazi, chigubu cholandira madzi otsukira mbale, ndi kachimbudzi kochotseka. Mapayipi anagula awiri. Yoyera inali ya madzi akumwa okha, yakuda yotsukira chimbudzi.

Woyendetsa galimoto anali Duane, mng'ono wa Orrin, yemweyo amene anapereka impsoyo. Munthu wamtima wabwino zedi, koma wamakutu olimba.

"Alamu, payipi ya munthu wina musalandire, ngakhale akupatseni akumwetulira," anatero Marlys.

"Mwayambatu ulaliki, alamu. Madzi ndi madzi."

Atafika ku Arizona anaima pamalo pomwe apaulendo amatayira zam'chimbudzi ndi kutunga madzi. Mzere unali wautali, dzuwa likuswa mtengo. Marlys anathamangira kusitolo kukagula buledi. Bambo wina wa chipewa chachikulu, mwini kalavani yonyezimira, anakodola Duane.

"Achimwene, mukudikiriranji? Yangayi ndalumikiza kale, dzazani muzipita."

Duane anathokoza n'kudzaza thanki.

Marlys pobwera anapeza payipi yake yoyera ili chikulungire, youma gwa. Atatembenuka anaona bambo uja akulowetsa payipi yake ija m'thanki ya chimbudzi chake, akuimba likhweru. Buledi anagwera pamchenga. Analowa m'kalavani n'kupeza Orrin ali ndi kapu m'manja, mapiritsi ali pachikhatho. Anaimenya kapuyo mpaka inakagunda khoma.

"Mayi, kwagwanji?" anafunsa Orrin.

Marlys anayang'ana mlamu wake. "Munamupatsa impso yanu ndi mtima wonse. Lero mukufuna kumulanda ndi payipi ya chimbudzi?"



 Kenako mayiyu anakhuthula thanki yonse, anaitsuka ndi kolorini pamodzi ndi pampu, makapu ndi mpopi, thukuta lili kamukamu. Ndimamusirira mayi ameneyu, chifukwa ine ndikanayamba ndi kutukwana.

Koma Duane anali atamwa kale kapu yodzaza. M'mawa mwake m'mimba munatseguka, kenako kusanza. Marlys anamugoneka muhema panja kuti asapatsire mkulu wake, ankamumwetsa madzi owiritsa a mchere ndi shuga, ndipo chidebe chimene wodwalayo ankadzithandiziramo ankakataya yekha osakwinya nkhope. Zitafika poipa anamuthamangitsira kuchipatala, chifukwa nayenso anatsala ndi impso imodzi.

Duane anachira. Orrin anaona chipululu chake ali wathanzi. Tsiku lotuluka m'chipatala, Duane anagwira dzanja la mlamu wake, misozi ili mbwee.

"Alamu, kapu ija achimwene sanatunge okha. Ndinawatungira ndine, ndi manja angawa."

Phunziro: Amene akukuikirani lamulo m'nyumba mwina akudziwa chimene chingaphe munthu amene mumamukonda. Payipi ya madzi akumwa sabwereka, ngakhale mwini wake akhale waulemu chotani. Tumizirani nkhaniyi onse oyenda ndi kalavani, makamaka aja amati madzi ndi madzi.